Ufa Nambala 14

Lolemba, 3 Malichi

Kope latsopano. Lakale latha dzulo, tsamba lomaliza ndinalembapo muyeso wa makatani.

Kamvula m'mawa. Basi yodzaza, koma mpando ndinaupeza, wapazenera. Pomwetsera mafuta mzera wa magalimoto mpaka kuseri kwa sitolo ya matayala, tsiku lachinayi tsopano. Madalaivala ena akusewera makadi pa boneti. Ine kudutsa ndi kachikwama kanga, mumtima kakunyada: dikirani, tikukukonzerani.

Amunanga anafunsanso pa tiyi, ngati sanamvepo, kuti kodi ku labu kwanuko mumapanga chiyani kwenikweni. Ndinawauzanso. Dzuwa likatipatsa magetsi timang'amba nawo madzi, mumatuluka mpweya wotchedwa haidrojeni. Mpweyawo ndi mafuta. Umayaka, umathanso kubweza magetsi ukaudutsitsa m'kamakina kake. Vuto n'kuusunga, ndi wopepuka, wothawathawa, kampata kalikonse wadutsa. Ndiye ife timagaya zitsulo kukhala ufa, ufawo umamwa mpweyawo n'kuugwira phee m'thanki. Ukaufuna umangofunditsa thankiyo ndi madzi otentha, ufa n'kulavula. Iwo: "Ndiye kuti ndinakwatira mayi wa pachigayo." Anaseka okha mpaka kutsamwa. Zaka zitatu nthabwala yomweyomweyo.

Chigayo chake n'kamtsuko kachitsulo, kakulidwe ka fulasiki, m'kati mipira yachitsulo, makina n'kumakazunguza. Phokoso lake anthu amadandaula. Ine ndinalizolowera, likasiya mpamene mutu umawawa.

A Dokotala, abwana athu, atiuza tsiku. Alendo a bungwe lomwe limatithandiza abwera Lachisanu pa 21. Akufuna aone ndi maso awo ufa watsopano ukumwa ngati mmene unamwera ufa nambala 14, wopambana pa onse omwe tinagaya. Akakhutira, mathanki atatu oyamba apita ku zipatala zazing'ono zakutali, aziyendetsa firiji ya katemera ndi nyali. Chimodzi mwa zitatuzo n'komwe amagwira Nesi, mwana wanga wamkulu. Akapanda kukhutira, ntchito ya ufa itsekedwa, basi.

Masiku 18.

Lachitatu, 5 Malichi

Nambala 17 wakana. Ngati 15 ndi 16.

Mayeso ake ngakhale mwana angawatsate. Ufa m'thanki, mpweya n'kutsegulira, muvi wa geji pa 30. Ufa ukamamwa, muvi umatsika. Nambala 14 unautsitsa mpaka pa 8 theka la ola lisanathe, thanki n'kufunda ngati mwana wa malungo. Alendo akufuna muvi utsike kudutsa pa 10 m'theka la olalo. Lero unatsika bwinobwino mpaka 19, n'kuima nji. Tinadikira ola lathunthu. A Sipanala, amene amatiwotcherera mapaipi, anagogoda galasi la geji ndi chala, kenako ndi sipanala yawo ija ya m'thumba lakumbuyo. Osasuntha. "Achemwali, ufa wanuwu wakhuta usanadye."

Ndinaseka. Kuseka kwa pakamwa chabe.

A Dokotala sanaseke. Si dokotala wa odwala, ndi wa zitsulo. Mtsikana wa dzanadzanali, msinkhu umodzi ndi Nesi. Anabwera muno ali wophunzira, tsitsi lomanga ndi lastiki, ndipo ndine ndinawaphunzitsa kugwira ufa osautaya. Lero ndi abwana anga ndipo sizindipweteka ayi, mutu ulipo pamenepo. Mpaka pano amanditchula kuti Amayi. Maso afiira. Anatsegula buku la labu pa tsamba la nambala 14, chala pa mzera uliwonse. Zitsulo zomwezo, muyeso womwewo, mipira yomweyo, maola 12. "Amayi, tasintha chiyani?" Ine: sindikudziwa.

Kunyumba amunanga aphika okha mpunga. Pakati wosapsa. Ndadya, ndayamika.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndilembe, poti kopeli lilibe pakamwa.

Chomwe tasintha ndikuchidziwa. Kapena ndikuganiza kuti ndikuchidziwa.

Nambala 14 ndinagaya mu Januwale, pa 21 ndi pa 22, masiku aja magetsi ankangothimathima. A Dokotala anali ku msonkhano. Lamulo lawo lili pakhoma, ndinamata ndine ndi manja angawa: chigayo chikaima pakati, ufawo utayidwe, yambani wina. Chifukwa chake n'chomveka, chinthu chimene sunachilembe bwino sungachibwereze. Chigayo chinaima. Osati kamodzi. Kasanu kaya kangati, sindinawerenge. Magetsi akabwera ndinkangodinanso batani n'kumaphatikiza nthawi m'mutu.

Tsiku lachiwiri n'kutsegula mtsuko: ufa wokongola, wosalala, wakuda bii, wosamatirira m'mbali. Kutaya umenewo? Ine amene ndimachapa mapulasitiki a buledi n'kuwayanika? Dzanja linakana. Ndinati ndingousunga, palibe adzaufunse. M'buku ndinalemba: maola 12, osaima. Siginecha yanga pansi pake, yokongola bwino.

Ndiye ufa womwewo n'kukhala wopambana onse. Manambala ake anatumizidwa mpaka kwa alendo.

Mu Febuluwale anatiikira masola ndi mabatire. Chigayo tsopano chimayenda maola 12 enieni, osapuma. Mtsuko umatuluka wotentha wosagwirika, ufa wouma gwa m'mbali ngati zopserera za mumphika. Ndinaona pa 15. Ndinaonanso pa 16. Ndinangoti zii.

Wonama m'buku la labu amachotsedwa ntchito. Zili m'kabuku ka malamulo, tsamba lachiwiri. Zaka 22 popanda ngakhale kalata yochenjeza. Ndikuopa, basi, ndalemba.

Zitsulo zatsala za ufa umodzi wokha. Zina zifika mu Meyi.

Lachisanu, 7 Malichi

Tsiku lotsuka. M'mawa wonse manja ali m'bokosi. Ufawu sufuna kukumana ndi mpweya wa panja, umawonongeka, ndiye timaugwirira m'bokosi lagalasi lotseka, manja kudzera m'magolovesi aatali omatidwa pakhoma pake. Mphuno imayabwa nthawi yomweyo manja akalowa, tsiku lililonse. Komabe mu labu yonse ndi malo amene ndimawakonda. Bata. Supuni, sikelo, ine.

Masana ine ndi a Sipanala kusaka potulukira mpweya ndi madzi a sopo, paipi ndi paipi. Thovu silinatuluke paliponse. Iwo kukondwa kuti mlandu si wawo. Ine kuwayamikira.

Loweruka, 8 Malichi

Dzuwa bwino. Zochapa zonse zauma isanakwane 2 koloko. Makatani atsopano ndasita, ndapachika. Limodzi lafupika ndi zala zitatu, koma mpando ubisa.

Ndinakapereka chakudya kwa amunanga ku kashopu kawo kometera, msewu umodzi ndi labu yathu, kumunsi kwake. Anthu asanu pa benchi, wailesi, mkangano wa mpira. Anandionetsa kwa kasitomala watsopano: awa ndi mayi a haidrojeni, musayatse fodya pafupi. Munthu wamkulu ndi imvi zake. Koma ndimakondwa akamatero, ndisaname.

Nesi anaimba masana. Dizilo wa jenereta anawathera Lachitatu, galimoto yowabweretsera ili pa mzera wa mafuta kuno. Katemera yense anamuika m'bokosi la ayezi, iye kumbuyo kwa njinga yamoto, makilomita 30 kukamusungitsa ku chipatala china. Amayi omwe anabwera kudzabayitsa ana anabwerera nawo. Amafotokoza akuseka, mwana ameneyu anatengera bambo ake. Kenako: "Amayi, malo a thanki yanu tawaka kale. Simenti, kuseri kwa chipinda cha firiji." Akuti aliyense kumeneko akudziwa kuti ufawo amagaya ndi mayi ake.

Ndinati mwachita bwino. Foni itadulidwa ndinakhala pakhonde nthawi yaitali, zovala zili pamiyendo, osapinda.

Lolemba, 10 Malichi

Ndinapita nditakonzeka. Mawu ndinawayala m'basi, kuyambira "a Dokotala, pali nkhani" mpaka kumapeto. Kufika, iwo andigulira kakeke, akuti akumbuka kuti ndi sabata ino yomwe ndinayamba ntchito zaka 22 zapitazo. Abale inu. Ndinadya keke, nkhani ndinamezera limodzi.

Masana anatiitana ine ndi a Sipanala. Ganizo lawo: mwina mipira yaperepeseka, maola 12 akuchepa. Nambala 18 tigaye Lachinayi, maola 16, osaima. Ndi zitsulo zomalizazo. Maola 16 ufawo ukatuluka njerwa. A Sipanala kundiyang'ana, akuti bwanji Achemwali, keke yakuvutani?

Kunyumba ndawauza amunanga. Zonse. Ankapukuta makina awo ometera ndi kaburashi, sanasiye. Ndimayembekeza nthabwala, sinabwere. Anangoti: "Ine tsiku lija ndinalakwitsa mutu wa mkwati ndinamuuza ali pampando pomwepo. Anatukwana, koma mpaka lero amameta kwa ine." Ndinati mutu wa mkwati ulibe tsamba lachiwiri. Anavomera. Kenako akuti akandichotsa, shopu yawo ikusowa munthu wosesa tsitsi. Nthabwala inabwera ndithu, inangochedwa.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndanena.

M'mawa, a Sipanala asanafike. A Dokotala ali pa sinki kutsuka kapu. Ndinayambira pakati, mawu a m'basi onse anathawa. Ndinati nambala 14 sunagayidwe maola 12 osaima, chigayo chinaima kambirimbiri, ine ndinalemba bodza, ndipo ndakhala ndikuonerera 15, 16 ndi 17 akufa ndili chete.

Madzi anangowasiya akutayika. Mpope ndinatseka ndine. Anakhala pansi. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anafunsa kuti chinaima kangati, ndinati sindikudziwa. Nthawi yaitali bwanji, sindikudziwa. Ndiye anati: "Masabata asanu ndi limodzi, Amayi. Ndinkaganiza kuti wopusa ndine." Pamenepo mpamene misozi inatuluka, yanga. Manyazi otere sindinawaonepo chibadwire.

Anatuluka. Ndinawaona pazenera akuyenda uku ndi uku pabwalo la magalimoto, manja m'matumba a jasi. Mphindi makumi awiri. Pobwera nkhope ina. Molunjika ku bolodi, choko m'manja. Akuti ufa ukatentha kwambiri timibulu take timamatirirana n'kutseka tinjira tolowera mpweya. Chigayo chikamapuma mtsuko umazizira, timibulu timakhala patokhapatokha. Kulemba mothamanga, choko kuthyoka kawiri. Ine ndaima pakhomo ngati wakuba wogwidwa, iwo akusangalala ndi sayansi.

Kenako anatembenuka. Akuti ayenera kukanena ku ofesi, sangabise, ndipo alendo nawo auzidwa kuti zomwe tinawatumizira zinali zolakwika. Ndinati ndikudziwa. Akuti chinanso, popanda nthawi zenizeni zomwe chigayo chinaima tikungolota, ndipo mwayi watsala umodzi.

Chodabwitsa: masana ndadya bwino. Njala yeniyeni, koyamba sabata yonse.

Lachitatu, 12 Malichi

Bambo ameneyu ndimusunga!

Pa tiyi m'mawa ndikudandaula za nthawi zija, amunanga n'kuti kodi si munkanditumizira mauthenga? Zoona. Shopu yawo ndi labu yathu zili pa waya umodzi. Masiku amenewo magetsi akathima ndinkawalembera "apita", iwo n'kuyankha modandaula za mutu womwe ausiya theka. Akayaka, "abwera". Chizolowezi chabe, ngati moni. Ine mauthenga ndimafufuta, foni yanga sichedwa kudzaza. Iwo safufuta kanthu, ali ndi uthenga wa tsiku lomwe anagula foniyo.

Ndinawakoka mpaka ku labu atavala epuloni yawo. Mlonda anawalembetsa m'buku la alendo, pa cholinga cha ulendo analemba "kafukufuku". A Dokotala anawapatsa mpando wawo weniweni. Foni patebulo, tonse anayi mitu pamodzi. Pa 21 Januwale: apita 8:52, abwera 9:40. Apita 11:15, abwera 12:05. Choncho mpaka pa 22 madzulo. Kasanu n'kawiri, osati kasanu. Pakati pake zina zosayenera kuti abwana aziwerenga. Za anyezi, za mlamu wanga ndi ukwati wake, ndi pena pomwe anandilembera kuti bola ine sindithima ngati magetsi. A Sipanala anawerenga mokweza, kawiri. Ndidzawabwezera.

Malo amodzi "abwera" palibe. Apita 2:30 pa 22, kenako zii mpaka 4:10 pomwe ndikufunsa za anyezi. Amunanga kuganiza, kuganiza. Akuti tsiku limenelo ankameta aphunzitsi ena a dazi la pakati, magetsi anabwera aphunzitsiwo atangotopa n'kuvala chipewa kuti azipita, ndipo iwowo sadikira kupitirira ola. Ndiye a Dokotala analemba: pafupifupi ola limodzi, umboni wa wometa. Analembadi choncho, m'buku la labu.

Amunanga anabwerera ku shopu akuyenda ngati nduna. Makasitomala amva lero.

Lachisanu, 14 Malichi

Masiku awiri a chigayo. Nambala 18, zitsulo zomaliza. Magetsi ali mbwee, ife n'kumawathimitsa dala. A Sipanala adzipatsa udindo. Aima pa swichi ndi pepala la nthawi ndi wotchi, 8:52 ikakwana amalengeza ndi mawu a pa wailesi kuti makasitomala athu okondedwa tikupepesa, n'kudina. Ngakhale a Dokotala anaseka, dzulo kamodzi, lero kawiri.

Ine buku. Nthawi iliyonse ndi mphindi yake, ndi kutentha kwa mtsuko. A Dokotala akusaina pambali pa mzera uliwonse. Kale sankatero. Zikuwawa, koma n'zoyenera.

Akundilankhula za ntchito zokha. "Amayi" akadalipo, koma wouma.

4 koloko tinatsegula mtsuko m'bokosi. Manja anga m'magolovesi, iwo mphuno pagalasi. Wakuda, wosalala, ukuyenderera pa supuni. M'mbali mwa mtsuko moyera. A Sipanala anavula chipewa.

Kuoneka si kumwa. Tiona.

Ku ofesi andiitana Lolemba, 10 koloko.

Lamlungu, 16 Malichi

Ndasita diresi la buluu. Ndalipachika. Ndalitsitsa n'kulisitanso kolala.

Amunanga andidula tsitsi la m'mbali pakhonde, mwaulemu ngati kasitomala wolemera. Akuti munthu azikazengedwa mlandu akuoneka bwino. Dzanja lawo ndi lofewa, ndinatsala pang'ono kugona pampando.

Lolemba, 17 Malichi

Anthu atatu kuseri kwa tebulo, kabuku ka malamulo kali kotsegula. Ndinanena zomwe ndinanena kwa a Dokotala, osachotsa, osawonjezera. Bambo wa pakati anafunsa chifukwa chake sindinataye ufawo. Ndinati unali wokongola. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kulemba.

A Dokotala analankhula pomaliza. Pa bodzalo sananditeteze, anati ndi bodza ndipo lawadyera masabata. Anatinso ndikanakhala chete palibe akanadziwa mpaka kalekale, ndipo akandichotsa lero aliyense mu labu aphunzira kubisa.

Chigamulo: kalata yochenjeza komaliza, ndi masabata awiri kunyumba kuyambira mawa. Ntchito ilipo. Pa masitepe ndinayamba ndakhala pansi.

Koma Lachisanu sindidzakhalako. Zaka zitatu ndikugaya ufa umenewu, alendo adzatsegula mpweya ine ndili kunyumba. Pamenepo pandiwawa, ndisabise.

Ndisanachoke, buku. Tsamba la nambala 14. Mzera umodzi pa "maola 12, osaima", woti mawuwo azionekabe. Pansi pake zoona zake, tsiku la lero, dzina langa. Rula inatsetsereka, mzera wakhota pang'ono.

Kaufa ka pa supuni komwe tinayesa masana kamwa bwino. Koma 16 nawo unamwa bwino pa supuni n'kukakana m'thanki. Thanki yaikulu aidzaza mawa n'kuimata, adzatsegula alendo okha.

Potuluka a Dokotala anandinyamulira chikwama mpaka pageti.

Lachitatu, 19 Malichi

Tsiku lachiwiri la tchuthi changa chokakamiza. Ndinadzuka mwachizolowezi, n'kusamba, n'kuvala nsapato, n'kukumbuka. Kabati ya kukhitchini ndaikonza, botolo lililonse ndamata kapepala ka dzina ndi tsiku. Amunanga akuti shuga tsopano ali ndi nambala.

Masana ku shopu. Ndasesadi tsitsi. Ntchito yabwino, umaona pomwe wadutsa. Aphunzitsi a dazi aja anabwera, amunanga n'kuwauza kuti alowa m'buku la sayansi. Sanamvetse, koma anakondwa.

Ndamuimbira Nesi, ndamuuza zonse ndekha asanamve kwina. Iye: "Inu amene munandibweza ku sitolo chifukwa cha switi imodzi?" Eya, ine. Anaseka mpaka kutsokomola. Pomaliza anati simenti ija yauma bwino ndipo sakuiphwanya.

Labu imaoneka ukaima pakhomo la shopu, denga lake ndi masola. Sindinayang'ane kwambiri.

Lachisanu, 21 Malichi

Ndili pa tebulo la kukhitchini. Kope, cholembera, wotchi ya pakhoma ndaitsitsa ili apa. A Dokotala anatumiza uthenga m'mawa: malamulo akuti musalowe mu labu, za foni sakunena. A Sipanala azindinong'oneza manambala. Alendo ndi anayi, wamkulu wawo mayi wa magalasi, akuti wawerenga tsamba la nambala 14 kawiri. Amunanga atseka shopu, Lachisanu lathunthu, ali pa mpando winawo kunamizira kuwerenga nyuzipepala.

Udutse pa 10 isanakwane 10:35.

10:05, atsegula. 30.

10:09, 27.

10:13, 23. A Sipanala akupumira mu foni ngati akukwera phiri.

10:17, 20.

10:19, 19.

10:20, 19.

10:21, 19. Mayo ine. Ndamva kugogoda, ndawauza asiye geji ya anthu. Akuti si iwo, ndi a Dokotala.

10:23, 17!

10:26, 14. Akuti thanki yafunda, mayi wa magalasi waikapo dzanja, sakuchotsa.

10:29, 12.

10:32, 10. Nyuzipepala yagwa.

Kunong'ona kwatha, a Sipanala akukuwa: "Eyiti, Achemwali! Lembani 8!" Kumbuyo phokoso, m'manja, wina akuseka ngati akulira, ndikuganiza ndi a Dokotala. Amunanga akuvina ndi mpando. Ndakondwa, abale, ndakondwa, tsamba lanyowa. Ndawafunsa a Sipanala kuti muvi uli pati penipeni. Akuti ndi 8 basi, ukupita komweko. Ndafunsanso. Akuti chabwino, inunso, 9, koma 9 wake woyandikira.

10:34, 9.